Ndani Amalankhulira Agogo? Kuchokera pa Chidyerano Kufika pa Lamulo la 2024

Kwa Katunga, m'boma la Chikwawa, munthu amakalambira pakhomo. Kanyumba kake kamakhala kuseri kwa nyumba ya mwana wake wamkazi kapena ya mdzukulu, ndipo mphamvu zikatha, omwewo ndi amene amamusambitsa, kumuphikira phala la mapira, ndi kumukokera mphasa pansi pa mtengo dzuwa la mu Okutobala likalusa. Choncho tikamamva kuti kumaiko ena kuli anthu olembedwa ntchito yoyendera nyumba zosungirako okalamba ndi kumva madandaulo awo, tingaganize kuti nkhaniyo si yathu. Koma funso limene anthu amenewo amayankha likutikhudza: nkhalamba ikalakwiridwa ndi anthu omwe akuisunga, ndani amailankhulira, ndipo wolankhulayo amatsamira pa chiyani?

Kale yankho linali m'mbumba. Pakati pa Amang'anja, mwamuna ankapita chikamwini, ndipo amayi a mbumba imodzi ankamanga moyandikana. Agogo aakazi sankakhala ngati mlendo wosungidwa. Dimba linali lawo, ana aakazi anali awo, ndipo mwini mbumba ankayenera kuyankha ngati mlongo wake wokalamba wagona ndi njala. Katswiri wa mbiri Elias Mandala, amene analemba kwambiri za chigwa cha Shire, anatulutsa buku lotchedwa The End of Chidyerano m'chaka cha 2005. M'bukulo akufotokoza za mwambo wodyera pamodzi: mayi aliyense ankaphika kwake, koma mbale zonse zinkakumana pabwalo, amuna paokha, amayi paokha. Nkhalamba yopanda nkhokwe inkatsuka m'manja n'kudya monga wina aliyense, popanda kupempha. Komanso ikapanda kuoneka pa mbale, anthu ankafunsa. Ameneyo ndiye anali woyendera okalamba woyamba m'chigwachi, ngakhale panalibe womupatsa dzina.

Tisakometse zakale mopitirira. Chigwa chomwechi chinaona chaola, njala yoopsa, cha 1862 mpaka 1863 ndi cha 1922 mpaka 1923, ndipo pa chaola mbale sizinkakumananso. Kunalinso mwavi. Mwana akamwalira mosadziwika bwino, chala chinkaloza munthu, ndipo wolozedwayo ankamwetsedwa khungwa lapoizoni kuti asanze kapena afe.

Katunga mwiniyo anali mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'mbali mwa Shire, pamodzi ndi anzake monga Kasisi, Chipatula ndi Maseya. Pamudzi pake panali doko pomwe sitima zapamadzi zinkatsitsa katundu wokwera naye ku Blantyre. Ulamuliro wa atsamunda unalowera njira yomweyi, ndipo unabweretsa msonkho, thonje ndi malamulo olembedwa. Limodzi mwa malamulowo, la 1911 lokhudza ufiti, ndilo lamulo lakale kwambiri limene wolankhulira nkhalamba amagwiritsabe ntchito lero, ngakhale amene analilemba sankaganiza za okalamba. Linaletsa mwavi, linaletsa ntchito yosaka afiti, ndipo linati wolakwa ndi amene watchula mnzake kuti mfiti. Linaletsanso munthu kudzionetsa ngati ali ndi mphamvu za ufiti. Kachigawo komaliza aka tikumana nakonso, chifukwa patapita zaka pafupifupi 100 kanasanduka msampha wa nkhalamba zomwe.

Nyumba zosungirako okalamba Amalawi anakazidziwira kunja. Kwa zaka zambiri amuna ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Ambiri anabwerera ndi njinga ndi masutukesi. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Munthu wotere atakalamba pafamu ya fodya, mwini famu sankamufunanso, kumudzi kwa mkazi wake analibe munda, ndipo kwawo njira inali itamera udzu. Ofufuza a ku Zimbabwe, monga Andrew Nyanguru wa pa sukulu ya zachisamaliro cha anthu ku Harare, anapeza kuti ambiri mwa okhala m'nyumba za okalamba osauka m'dzikolo anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. M'nyumba ngati Bumhudzo ku Chitungwiza kapena Entembeni ku Bulawayo mwakhala mukumveka Chinyanja. Nkhani ya machona ikuonetsa chinthu chimodzi poyera: munthu wathu amafika kunyumba yotere pamene mbumba yatha, kutanthauza kuti amalowamo alibe ndi mmodzi yemwe womufunsira ngati wadya.

Kuno kumudzi mbumba inagwedezeka mwa njira ina. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, inatenga anthu a msinkhu wapakati, omwe ankayenera kusunga makolo. Zinthu zinatembenuka: agogo a zaka 70 ndiwo anayamba kulera adzukulu asanu, kulima dimba, kusaka ndalama ya yunifolomu. Ku Chikwawa ndi Nsanje izi zinachitika pa nthawi imene midzi inali itadzaza ndi othawa nkhondo a ku Mozambique, malo olima akuchepa, minda ya nzimbe ya ku Nchalo itatenga kale dera lalikulu. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, koma manda anali atadzaza kale.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 anatchula okalamba mu gawo 13, pomwe boma likulonjeza kuwalemekeza, kuwathandiza ndi kuwalola kutenga mbali pa moyo wa m'dera lawo. Ndi mawu abwino, koma ali m'chigawo cha mfundo zongotsogolera boma. Sungapite nawo kwa majisitireti kukasumira mdzukulu amene wagulitsa mbuzi za agogo. Chimene malamulowo anabweretsa chogwirika ndi maofesi: bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman. Kenaka kunabwera malamulo ena amene wolankhulira nkhalamba ankabwereka: la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndi la 2011 la chuma cha masiye, limene linati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika kunakhalanso unduna woona za olumala ndi okalamba, umene pambuyo pake unaphatikizidwa ndi unduna woona za amayi ndi ana.

Pa ndalama, chinthu chimene chinafikadi m'thumba la agogo akumudzi ndi Mtukula Pakhomo. Anayamba kuuyesa ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 unali m'maboma onse 28. Apa kafukufuku anagwira ntchito yake. Candace Miller wa ku Boston University ndi Maxton Tsoka wa ku Centre for Social Research ku Zomba anatsata mabanja a ku Mchinji n'kupeza kuti akudya bwino, ana akupita kusukulu, ndipo ena agula nkhuku ndi mbuzi. Zotsatira zotere n'zimene zinatseka pakamwa anthu onena kuti wosauka ukamupatsa ndalama amakamwera. Komabe Mtukula Pakhomo sunapangidwe ngati penshoni ya okalamba. Unakonzedwa kuti ufikire mabanja 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso osowa munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndiye taganizani za agogo amene akukhala ndi mdzukulu wa zaka 22, wamphamvu zake koma wongoyendayenda pa Dyeratu. Papepala banja limenelo lili ndi wogwira ntchito. M'mphika mulibe kanthu. Lamulo la penshoni la 2011 nalo linathandiza olembedwa ntchito, monga a pakampani ya shuga, osati mayi amene moyo wake wonse wathera m'dimba. N'chifukwa chake mu 2016 boma pamodzi ndi HelpAge International ndi mgwirizano wa mabungwe a okalamba wa MANEPO anatulutsa kafukufuku woona ngati dziko lingakwanitse kupereka kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa wokalamba aliyense. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 20 alionse, chiwerengero chimene olankhulira okalamba akhala akuchitchula pofuna kusonyeza kuti katunduyo ndi wonyamulika.

Koma chimene chinadzutsa dziko si njala. Ndi magazi. Cha m'ma 2010, George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism anayamba kuyendera ndende, n'kupezamo agogo aakazi ambiri omangidwa pa nkhani za ufiti. Zinkayenda motere: ana akunena kuti agogo akutiphunzitsa kutamba, mudzi ukusonkhana, apolisi akutenga agogowo, ndipo chifukwa cha mantha kapena kutopa ndi mafunso, agogowo akuvomera. Kuvomerako kunkatengedwa ngati kudzionetsa kuti ali ndi mphamvu za ufiti. Lamulo lija la 1911, lofuna kulanga woloza chala, linkalanga wolozedwa. Bungwelo linalipirira ena chindapusa kuti atuluke, ndipo mu 2012 Thindwa ndi Charles Chilimampunga wa ku Chancellor College anatulutsa kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana, amayi ndi okalamba chifukwa cha zikhulupiriro za ufiti. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Amene anachita zimenezi sanali achifwamba ochokera kutali. Anali anthu a m'mudzi momwemo. Izi n'zimene zimalemetsa ntchito ya wolankhulira okalamba kuno: kwina amalimbana ndi kampani yoyendetsa nyumba, kuno amalimbana ndi mphwake wa wodandaulayo, amene mawa ndi yemweyo adzatunge madzi.

Chaka chomwecho cha 2016 boma linavomereza ndondomeko ya dziko yoona za okalamba, ndipo maiko a mu African Union anagwirizana ku Addis Ababa pangano la ufulu wa okalamba, limene Malawi analivomereza pambuyo pake. Zonsezi zinatsatira mfundo zokhudza okalamba zimene maiko anagwirizana ku Madrid mu 2002. Koma ndondomeko simanga munthu. MANEPO, motsogozedwa ndi Andrew Kavala, inapitiriza kuwerenga imfa, kulankhula pa wailesi, ndi kugogoda ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka.

Anthu a m'chigwa ali ndi chowonjezera chawo pa mbiriyi: madzi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anagumula damu la Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi akabwera usiku, wothamanga ndiye amapulumuka. Kumsasa, m'kalasi ya pasukulu, thumba la ufa limaperekedwa kwa amene waima pamzere ndipo dzina lake lili m'kaundula. Agogo osamva bwino, amene chiphaso chawo chapita ndi madzi, amakhala pakona kudikira kuti wina awakumbukire. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi sali m'gulu la zinthu zimene galimoto yoyamba imabweretsa. Pamalo otere wolankhulira nkhalamba amakhala mlangizi wa zaumoyo, mayi wa mvano, kapena nyakwawa amene wakumbukira kunena kuti, "Bwana, kuli agogo ena sanalembedwe."

Lamulo lenileni la okalamba, Older Persons Act, linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu Epulo 2024, nduna Jean Sendeza italibweretsa, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analisainira chaka chomwecho. Limati wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo, limatchula maufulu ake, limaletsa kumuchitira nkhanza, ndipo limakhudzanso nyumba zosungirako okalamba kuti zisamangoyendetsedwa boma lisakudziwa. South Africa inali ndi lamulo lake kuyambira 2006, Zimbabwe 2012. Ife tinachedwa, koma pa nkhani ya nyumbazi tachita mwayi umodzi: lamulo lafika nyumbazo zisanachuluke. Zilipo zochepa, za mipingo ndi za anthu akufuna kwabwino, monga ya Mai Mbambande imene Deborah Mbale anayambitsa ku Lilongwe, ndipo ambiri okhalamo ndi othamangitsidwa kapena otayidwa ndi abale, monga machona aja. Ku America zinayenda mosiyana. Nyumba zinayamba zachuluka, nkhanza zinamveka, kenaka mu 1978 lamulo linalamula chigawo chilichonse kukhala ndi woyendera nyumbazo, ndipo kafukufuku wa 1986 anabala lamulo la 1987 la maufulu a okhalamo. Chimene ndingatengeko kumeneko si nyumbazo ayi, koma munthu amene ntchito yake ndi kufika osaitanidwa, kukhala pansi ndi nkhalamba payokha, n'kufunsa.

Munthu wotere kwa Katunga sanakhalepo ngati udindo wolipidwa. Amene wamva kuti agogo akumanidwa chakudya kapena alandidwa dimba amayambira kwa nyakwawa, kenaka kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Zikakanika, pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa Boma, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndi Legal Aid Bureau kwa wosowa ndalama ya loya. Zonsezi zimafuna ndalama ya kabaza, ndipo ofesi za pa Boma zimatumikira anthu oposa 560,000 a m'boma lonse la Chikwawa.

Pali nkhani inanso imene ikanali m'mbale. Kumapeto kwa 2021, komiti yapadera ya Law Commission imene inkaunika lamulo la 1911, motsogozedwa ndi woweruza wopuma Robert Chinangwa, inapereka maganizo oti malamulo avomereze kuti ufiti ulipo. Ambiri m'midzi anaomba m'manja. Olankhulira okalamba anagwira m'mutu, pofunsa kuti umboni wake udzakhala wotani, ndipo adzayambe kuimbidwa mlandu ndi ndani ngati si mayi wamasiye wa imvi, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Ngati maganizowo angadzasanduke lamulo, majisitireti wa pa Chikwawa adzakhala ndi mabuku awiri patebulo lake, lina loteteza agogo kwa oloza chala, lina lopatsa oloza chalawo khomo lolowera.