Masamu m'sukulu za sekondale za m'boma la Phalombe

Masamu ndi phunziro lomwe wophunzira aliyense wa sekondale m'boma la Phalombe amatenga kuchokera mu Fomu 1 mpaka mu Fomu 4, monga momwe zilili m'dziko lonse la Malawi. Silabasi imakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, ndipo mayeso a boma amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Boma la Phalombe, lomwe linapatuka ku Mulanje mu 1998, lili pansi pa chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands pamodzi ndi Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu.

Zomwe amaphunzira

Mu Fomu 1 ndi Fomu 2 ophunzira amayamba kuwerengera ndi zilembo m'malo mwa manambala okhaokha. Amaphunzira algebra, manambala a pansi pa ziro, ma angle, lamulo la Pythagoras komanso masamu a malonda monga phindu ndi chiwongola dzanja. Mu Fomu 3 ndi Fomu 4 mumabwera ma quadratic equation, trigonometry, ma logarithm, ma matrix, ma vector ndi probability. Palinso phunziro losakakamiza la Additional Mathematics, lomwe muli calculus, koma limaphunzitsidwa m'sukulu zochepa.

Mitu imeneyi ndi yolumikizana. Wophunzira amene sanamvetse kuchotsera manambala a pansi pa ziro mu Fomu 1 amadzakanikanso pa ma quadratic equation mu Fomu 3, ndipo pofika nthawiyo mphunzitsi amakhala akuthamangira kumaliza silabasi, sabwereranso m'mbuyo. Chiyankhulo nachonso chimavuta. Masamu amaphunzitsidwa ndi kufunsidwa m'Chingerezi, pamene kunyumba ana a ku Phalombe amayankhula Chichewa kapena Chilhomwe. Choncho mwana akhoza kudziwa kuwerengera koma n'kulephera funso lofotokoza nkhani chifukwa sanamve chomwe akufunsidwa.

Sukulu ndi aphunzitsi

Kupatula sukulu monga Phalombe Secondary School, ophunzira ambiri m'bomali ali m'sukulu zoyendera za m'madera, zotchedwa ma CDSS. Sukulu zamtunduwu zinachokera ku malo akale ophunzirira patali a DEC chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake oyamba anali ophunzitsidwa ntchito ya kupulaimale. Pofuna kuthandiza aphunzitsi, boma mogwirizana ndi bungwe la JICA la ku Japan linayambitsa pulogalamu ya SMASSE mu 2004, potengera yomwe inayamba ku Kenya mu 1998. Pa maphunzirowa aphunzitsi amalimbikitsidwa kuti ana azichita okha zinthu m'kalasi pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pafupi, monga chingwe, timitengo ndi makatoni, osati kumangokopera zapabolodi. Aphunzitsi atsopano a masamu amasulidwa ku makoleji a Domasi ndi Nalikule komanso ku mayunivesite.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza kwambiri ku Phalombe. Sukulu zinatsekedwa kwa masabata angapo ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala, pomwe mayeso a boma anali atayandikira.

Mayeso

M'kati mwa chaka aphunzitsi amapereka timayeso ta m'kalasi ndi mayeso akutha kwa teremu, ndipo a Fomu 4 amalembanso mayeso okonzekera otchedwa mock. Pakutha pa Fomu 2 pali mayeso a JCE. Mayesowa anathetsedwa atalembedwa komaliza mu 2016, koma anabwereranso mu 2021. Pa zaka zomwe kunalibe JCE, wophunzira ankafika mu Fomu 4 asanalembeko mayeso a boma a masamu chichokereni Sitandade 8.

Pa MSCE masamu amalembedwa mapepala awiri, ndipo olemba amayenera kuonetsa njira yonse yomwe atsata, chifukwa njirayo ili ndi malikisi ake ngakhale yankho lomaliza litalakwika. Zotsatira zimaperekedwa m'magiredi 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kulephera.

Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, koma masamu sali pa lamulo limeneli. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino. Mwachitsanzo, wopeza magiredi 2, 3, 3, 4, 5 ndi 6 ali ndi mapointi 23, ngakhale masamu atapeza 8. Apa ndi pomwe ambiri amanamizika n'kuyamba kuwazemba masamu ali mu Fomu 3. Vuto limadzaoneka pofunsira malo kudzera ku bungwe la NCHE, chifukwa maphunziro a uinjiniya, udokotala, zowerengera ndalama ndi sayansi amafuna credit ya masamu. Amene waperewera amabwereza Fomu 4, kawirikawiri pa sukulu zamasana zotchedwa open, zomwe fizi yake amalipira makolo.