Nyimbo Yoona ndi Maso

Ife tinazolowera kuti cithunzi cikhale ca munthu, ca nyama, kapena ca nyumba. Ndipo tikaona utoto wopakidwa wopanda nkhope ya kanthu, timati ndiwo masewera a ana. Koma tisanaweruze, tiyambe tamva mbiri yace.

Ku Moscow, m'dziko la Russia, kunabadwa munthu m'caka ca 1866, dzina lace Wassily Kandinsky. Iyeyu anaphunzira za malamulo. Koma tsiku lina, pakumva nyimbo za Wagner zochedwa Lohengrin, anaona mitundu ya utoto m'mtima mwace, monga ngati kulira kwa malipenga ndi azeze kwasanduka maanga. Tsono m'caka ca 1896 anasiya malamulo aja, napita ku Munich kukaphunzira kupaka utoto. Pa 2 January 1911 anamva nyimbo za Arnold Schoenberg, napaka cithunzi ca usiku umenewo: limba linakhala banga lakuda, ndi kulira kwace kunatayika ponsepo ngati cikasu. Pakuti anaganiza kuti, ngati zoimbira zopanda mau a munthu zikhoza kugwetsa misozi, utoto wopanda nkhope ukhozanso kutero.

Kodi zimenezi nzacilendo kwa ife? Iai ndithu. Amene afika ku Blantyre ayang'ane makoma a chalichi ca St Michael and All Angels, cimene anacimanga kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott sanaphunzire za mamangidwe, ngakhalenso anthu a kuno amene anaumba njerwa naziocha pomwepo. Koma anaumba njerwa za maonekedwe ambirimbiri, naziyala kuti ina ituruke, ina ilowe, ndi mzere uyankhe mzere unzace, monga mmodzi aponya nyimbo ndi ena navomera. Nsanja ziwiri za kukhomo sizifanana, koma zimvana monga mau aang'ono ndi mau akuru.

Nzeru imeneyi sanaitenge kutari. Amai athu adalemba mizere pa mbiya ndi kutunga mikanda ya maanga, ndi atate athu adaluka malicero, kale lomwe sukulu isanadze.

Cimene citidetsa nkhawa ndi ici: ana athu akadziwa kulemba, ayesa nchito izi zacabe, ndipo nkhalamba ikafa ipita nazo kumanda. Cifukwa cace ife aphunzitsi ndi akuru a Mpingo titume ana akakhale pansi kwa ambuye ao, aphunzire mizereyo manja odziwa akalipo.