PANSI PA NYUMBA: MBIRI YA DOTHI, THABWA NDI SIMENTI KU THEKERANI

 Lero tiyeni tikwere mapiri a kumwera kwa boma la Thyolo, tikafike ku Thekerani, m'dera la Mfumu Nsabwe, kumene mtunda umatsetserekera ku mtsinje wa Ruo.

Chatitengera kumeneko ndi funso la mnzanga wina amene tinali naye pamodzi ku koleji ya aphunzitsi. Iye wamanga kachipinda pambali pa nyumba yake koti azichongeramo makope a ana ndi kusungiramo mabuku, ndiye kuti ofesi ya pakhomo. Denga wafolera, zipupa wapaka laimu, koma chamuimika mutu ndi pansi. Kodi aikepo matailosi, matabwa, kapeti kapena simenti? Ndinamuyankha kuti funso limeneli anthu a ku Thyolo akhala akuliyankha kwa zaka zoposa 100, ndipo nkwabwino kuyamba tamva zimene iwo anapeza.

Makolo athu pansi pa nyumba ankazira. Ntchitoyi inali ya amayi ndi atsikana. Ankapita kudambo kukakumba mtsiro, naukanya ndi madzi, naumata ndi manja kuyambira kuchipinda kutulukira kukhomo, kenaka nkusalaza ndi mwala wa nkhulungo mpaka pansi patachita kuŵala. Nyumba yozira bwino imazizira m'chilimwe, siifuna ndalama, ndipo ikang'ambika mwini wake amaikonza yekha tsiku lomwelo. Koma mtsiro sukhalitsa. Ukapita masabata angapo umafumbuka, ndipo mayi amayenera kubwereranso kudambo.

Fumbi limenelo linasanduka mdani pamene matekenya anafika m'dziko muno. Kachirombo kameneka kwawo ndi ku South America. Kanaoloka nyanja ndi zombo kufika ku Angola m'zaka za m'ma 1870, ndipo pofika m'ma 1890 kanali katafika kale kuno kwathu. Mazira ake amaswera m'fumbi louma la m'nyumba, ndiye chifukwa chake ana okwaŵa ndi nkhalamba ndiwo ankazunzika koposa. M'ming'alu ya pansi munkabisalanso nkhufi, zoluma usiku ndi kudwalitsa malungo obwerezabwereza. Mayi wozira kaŵirikaŵiri, osalola mng'alu kukhalitsa, anali kuteteza banja lake ku matenda ngakhale panalibe wom'patsa dzina la udokotala.

Chaka cha 1908 chinasintha zinthu ku Thyolo. M'chaka chimenecho njanje yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, inafika ku Blantyre, itadzera m'chigwa cha Ruo, kumunsi kwa Thekerani, mpaka ku Luchenza. M'chaka chomwecho tiyi anayamba kubzalidwa ku Thyolo, atayamba kale ku Mulanje mu 1891. Minda inakula, ndipo mu 1923 Maclean Kay anatsegula esiteti ya Satemwa. Anthu ambiri ogwira ntchito m'mindamo anali Alomwe amene anaoloka Ruo kuthaŵa misonkho ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, nadzapezanso thangata kuno, amene sanathe kufikira 1962. Sitima yotenga tiyi kupita naye kudoko inkabwerako ndi malata, magalasi, misomali ndi simenti ya kunja.

Apa ndi pamene pansi pa nyumba panayamba kunena za udindo wa munthu. Nyumba ya bwana inkamangidwa pa maziko aatali a njerwa zootcha, khonde kuzungulira, ndipo m'kati munkayalidwa matabwa kapena simenti yopakidwa polishi. Ofesi ya kalaliki, kumene ankalemba matikiti ndi kulipirira anthu, inali ya njerwa kapena simenti wamba. Kumidadada ya antchito kunali dothi. Wothyola tiyi ankabwera kudzalandira malipiro ali ndi matope ofiira kumapazi, naima panja, pawindo. Amene ankagwada kupukuta pansi pa bwana mpaka kudziona nkhope, madzulo ankakagona pa mphasa, pa dothi. Akuluakulu a ku Thyolo safunika kuwafotokozera zimenezi.

Komabe matabwa a bwanayo anali ndi mavuto awo. Thyolo ndi dziko la chiperoni, nkhungu ndi mvula yoŵaza imene imachokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique ndi kukhala masiku angapo osakanganuka. Thabwa likamwa chinyezi limafufuma ndi kupindika. Likauma limasiya mipata. Kunsi kwake chiswe chimagwira ntchito mwakachetechete, pamwamba pakuŵalabe, kufikira tsiku limene mwendo wa tebulo ubooleza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo umene unkapirira chiswe unali mkungudza wa ku Mulanje, ndipo unadulidwa kwambiri kwa zaka zochuluka. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu, koma lero mitengo yake ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Wofuna thabwa loterolo masiku ano akufuna chinthu chimene dziko silingathenso kum'patsa.

Chimene chinafikitsa pansi polimba kwa munthu wamba ndi simenti. Simenti ya mtundu wa Portland inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin wa ku Leeds mu 1824, koma kwa nthaŵi yaitali kuno inali yodula chifukwa inkachokera kutali. Dziko lathu litayamba kupanga yakeyake ndi miyala ya ku Changalume, pafupi ndi Zomba, aphunzitsi, makalaliki, eni magolosale ndi amuna obwera ku migodi ya ku Joni anayamba kuika simenti m'nyumba zawo. Ambiri a inu mukukumbukira Loŵeruka m'maŵa: kachitini ka Cobra wofiira, kansanza m'manja, bulashi kuphazi, mwana akuvina chotsetsereka kuchokera kukhomo mpaka kukhonde. Nyumba ya simenti yofiira inali umboni wakuti mwana wa pakhomopo anapita kusukulu. Koma walira mvula walira matope: polishi amafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ogwada anali amayi ndi ana omwe aja ankapita kudambo.

Tisaganize kuti dothi ndi nkhani yakale. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiŵerengero cha anthu wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pafupifupi mabanja atatu mwa anayi alionse m'Malaŵi ankakhala m'nyumba za pansi pa dothi. Choncho mnzanga uja, pokhala ndi mwayi wosankha, ali m'gulu la oŵerengeka.

Nanga mbiriyi ikum'langiza chiyani? Choyamba, mdani wa mabuku ku Thekerani ndi chinyezi chochokera pansi. Maziko akhale okwera kuposa bwalo, atsire miyala ndi kusinja bwino, ayale pepala la pulasitiki lochindikala asanathire konkire, ndipo konkireyo aithirire madzi kwa masiku osachepera 7, pakuti simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuŵa. Akalakwitsa pamenepa, chilichonse chimene angayale pamwamba chidzaonongeka. Chachiŵiri, kapeti m'dziko la katondo ndi chiperoni amasunga matope ndi fungo la nkhungu. Matabwa amaitana chiswe, ndipo chiswe chikaloŵa sichisiyanitsa thabwa ndi satifiketi. Matailosi ndi osavuta kukolopa, koma osalala kwambiri amaterera munthu akaloŵa ndi nsapato zonyoŵa, amazizira mu June ndi July, ndipo limodzi likasweka, lofanana nalo silipezeka pafupi. Simenti yosalazidwa bwino, yosakaniza ndi utoto wofiira kuti isamafune polishi wambiri, imapirira miyendo ya mpando, ndipo m'misiri wa m'mudzi momwemo angathe kuikonza. Pansi pa tebulo ayalepo mkeka, umene angautulutse kukauyanika dzuŵa likaŵala.

Chachitatu ndicho chachikulu. Ofesi ya mphunzitsi wa kumudzi siikhala yake yekha. Mudzabwera agogo ofuna kuŵerengeredwa kalata, mlimi wa nthochi wofuna kulembetsa ngongole, mwana wofunsa masamu, onse ochokera m'njira za matope. Ngati pansi padzaŵala kotero kuti agogowo adzaima pakhomo, nkumayang'ana mapazi awo, ndiye kuti mnzangayo wamanganso windo lija makolo ake ankalandirirapo malipiro. Ndinamuuza kuti asankhe pansi pamene mlendo angapondepo mopanda mantha, ndipo asanagule kanthu ayambe wafunsa mayi a kunyumba, pakuti m'mbiri yonseyi amene ankasankha sanali amene ankagwada.

Ndamva kuti wagula matumba a simenti ndi utoto wofiira, ndipo mkeka walamula kale kwa woluka wa m'mudzimo. Inu a ku Karonga, a ku Dedza, a ku Mangochi, kwanuko pansi pa nyumba pali mbiri yotani? Tilembereni.