Kamuzu: dzina lodzaza zikwangwani koma losowa m'kalasi

Anzanga, tawerengani anyamata amene mudaphunzira nawo kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4. A Hastings analipo ndithu. Nanga a Kamuzu anali angati? Chonsecho mayina awiriwa anali a munthu mmodzi, Dr Banda.

Dzina la Kamuzu lidayamba modzichepetsa. Ndi "muzu" basi, kutsogolo n'kuikako "ka-" wochepetsa, monga timanenera kamwana kapena kambuzi. Politchula timakoka pakati, ka-muu-zu, osati kugogomeza "ka" woyambayo. Mbiri imati mayi ake ku Kasungu adavutika kupeza mwana mpaka sing'anga adawapatsa mankhwala a mizu. Mwana atabadwa, dzinalo lidakhala chikumbutso. La Hastings adalitenga pambuyo pake, potengera mmishonale wa ku Scotland, John Hastings.

Mwini dzina atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, kamuzu kaja kadasanduka mtengo. Mu 1971 adakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo dzinali lidakwera pa sitediyamu ya ku Blantyre, pabwalo la ndege ndi chipatala chachikulu ku Lilongwe, komanso pasukulu ya ku Mtunthama. Ndiye tangoganizani mayi masiku amenewo akukuwa pakhomo kuti, "Kamuzu iwe, ndikukwapula!" Apayoniya ali chapafupi. Hastings ndiye ukanamukalipira mtima uli m'malo.

Boma litasintha mu 1994, dzinali lidafufutidwa pamalo ena. Bingu wa Mutharika, yemwe adalowa mu 2004, adalibwezeretsa.

Tikamadzakumana kukalabu, aliyense abwere atafunsa makolo chimene chidachitika pakhomo kuti apatsidwe dzina lakelo. Agogo akadali moyo, afunseni msanga.