Kaundula wa Othawa Nkhondo ku Chigwa cha Shire

Kaundula wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anakhala nkhani yaikulu ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuyambira mu 1986. M'chaka chimenecho nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inafika povuta m'zigawo za Tete ndi Zambezia, tauni ya Mutarara inagwa m'manja mwa Renamo, ndipo anthu anayamba kukhamukira ku Malawi, ena kudzera pa Marka, ena powoloka Shire pa bwato. Oyamba kufika sanasowe pogona. Asena ndi Amang'anja ali tsidya lino ndi tsidya lina la malire, choncho ambiri anafikira kwa abale, mafumu n'kuwapatsa malo omangapo.

Chiwerengero chitakula, midzi inalephera kuwalandira onse, ndipo kunatsegulidwa makampu monga Mankhokwe, Tengani ndi Nyamithuthu ku Nsanje, komanso Kunyinda ku Chikwawa. Pofika mu 1992 m'dziko muno munali othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni nthaka. Chakudya chinkabwera kudzera ku World Food Programme, bungwe la UNHCR linkayang'anira chitetezo chawo pamodzi ndi boma, pomwe Malawi Red Cross Society inkagawa. Zonsezi zinkadalira khadi la banja, losonyeza anthu oyenera kulandira.

Khadilo linali losavuta kulinamiza. Malawi panthawiyo analibe ziphaso za unzika, ndipo wochokera ku Mutarara sankasiyana ndi wa kwa Ndamera ku Nsanje m'chiyankhulo, m'mfunda kapena m'maonekedwe. Munthu ankatha kulembetsa pamalo awiri ndi mayina awiri, kubwereka ana a mnansi pa tsiku la kalembera, kapena kusunga khadi la m'bale amene wamwalira kapena wabwerera kwawo. Amalawi ena nawonso ankalembetsa ngati othawa nkhondo, makamaka m'chilala cha 1992, pamene nkhokwe za m'midzi zinali mbee koma kukampu thumba likubwerabe. Mayina m'mabuku ankaposa anthu enieni, ndipo opereka thandizo akayamba kukayika, ankalamula kuwerenga anthu mwatsopano ndi kusintha makadi.

Kunena kuti konseku kunali kuba n'kuona mbali imodzi yokha. Khadi lachiwiri linkatseka mipata imene thandizo linkasiya. Muyeso unali wa ufa, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere, koma sizinkafika zonse nthawi zonse, ndipo nkhuni, sopo, ndiwo ndi zovala banja linkadzionera lokha. Ufa wapadera unkagulitsidwa kapena kusinthanitsidwa ndi nsomba za m'dambo la Ndindi.

Anthu akuchulukirachulukira choncho, chakudya chinayamba kuperewera mphamvu. Mtedza utasowa pa muyeso kwa miyezi ingapo, mabanja anatsala ndi nsima ya chimanga yopanda chothandizira, ndipo kunabuka matenda a pelagira, amene amadza thupi likasowa vitamini ya niacin. Khungu la pamalo owombedwa ndi dzuwa limada ndi kusuwuka, wodwala amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka. Pakati pa February ndi October 1990, madokotala a Médecins Sans Frontières analemba odwala oposa 18,000 m'madera a kummwera kwa Malawi okhala othawa nkhondo. Amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo, ndipo okhala m'makampu anavutika kuposa okhala m'midzi. Amene anali ndi dimba kapena ndalama yogulira mtedza ndi nsomba ankapulumuka. Mliriwu unachepa atagawa mapiritsi a mavitamini, mtedza utabwerera, komanso atayamba kuthira niacin mu ufa pogaya.

Madzi nawo sanakwane. Kolera anagwa ku Mankhokwe mu 1988, n'kugwanso ku Nyamithuthu kumapeto kwa 1990, pamene anthu atsopano ankafika mochuluka kuposa zitsime ndi zimbudzi zimene zinalipo.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo, ambiri mwa iwo okha, osadikira galimoto za mabungwe. Ena ankasiya wachibale kukampu kuti azilandirabe chakudya mpaka mbewu za kumudzi zitacha, ndipo pofika mu 1995 makampu a m'chigwachi anali atatsekedwa.

Njira zolembera zinasintha pambuyo pake. Mu 2013 UNHCR inayesa ku Dzaleka, m'boma la Dowa, makina osunga zidindo za zala ndi chithunzi cha diso, kuti munthu mmodzi asalembedwe kawiri, ndipo mu 2017 National Registration Bureau inachita kalembera wa ziphaso za unzika m'dziko lonse. Zipolowe za chisankho ku Mozambique zitathawitsa anthu zikwizikwi kulowa ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumapeto kwa 2024, boma linatsegulanso Nyamithuthu kuti awasonkhanitse pamalo amodzi.