Tiyambe ndi ngolo ya chimanga, za pa Hora zidikire kaye

Tinagwirizana kuti tchuthi chino tiyese masewero a nthano aja, omwe anthu anayi kapena asanu amakhala pa tebulo, aliyense n'kutenga malo a munthu wa m'nthanomo, mmodzi n'kumafotokoza zomwe zikuchitika, dayisi n'kumagamula ngati zomwe wayesa zatheka kapena ayi. Chatsala n'chimodzi basi: tiyamba ndi nthano iti? Ena mwanena kale kuti tiyambe ndi nkhondo ya pa Hora. Musanavote, tamvani kaye mmene eni masewerowa anavutikira ndi funso lomweli.

Masewero otchuka kwambiri a mtunduwu ndi Dungeons & Dragons. Anatuluka mu 1974 ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America, ndipo anawalemba ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Poyamba anasindikiza mabokosi 1,000 okha, lililonse la timabuku titatu, pamtengo wa madola 10. Mkatimo munali malamulo, zilombo ndi zida, koma nthano yokonzeka kale yoti mungoyamba kusewera munalibe. Amene anali asanaonepo wina akusewera ankangoti kakasi. Zili ngati munthu akupatse bawo ndi nkhomo zake, koma osakuonetsa kutakata kwake.

Mu 1977 kampani yawo ya TSR inatulutsa bokosi la ongoyamba kumene, lomwe analikonza J. Eric Holmes, dokotala wa za ubongo. Iye anafupikitsa malamulo, n'kusiya masitepe atatu oyambirira okha. Chaka chotsatira, 1978, Mike Carr analemba nthano yophunzirira yotchedwa In Search of the Unknown. Nzeru yake inali iyi: anajambula mapu a nyumba ya pansi pa nthaka, n'kufotokoza zipinda zake, koma zilombo ndi chuma anasiya kuti wofotokoza nthano aike yekha pomwe akufuna. Apa ndiye kuti wotsogolera nayenso akuphunzira.

Kenako mu 1979 Gygax analemba The Keep on the Borderlands, yomwe kwa zaka zingapo inkabwera m'bokosi la oyamba, moti anthu ambirimbiri anayambira pamenepo. Muli malo awiri basi ofunika: linga lomwe mumagona, kugula chakudya ndi kumva mphekesera, ndi mapanga a zilombo omwe ali chapafupi. Mupite, muone, zikavuta muthawire ku linga. Patapita zaka 35, mu 2014, kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa Lost Mine of Phandelver. Mukudziwa mmene imayambira? Osewera amapatsidwa ganyu yoperekeza ngolo ya katundu kupita ku katauni kotchedwa Phandalin, ndiye panjira amapeza mahatchi akufa, achifwamba atabisala m'tchire. Palibe mfumu, palibe gulu la nkhondo. Ngolo basi.

Mwaona eti? Zaka 40 za kuyesa zinawafikitsa pa mfundo imodzi: nthano yoyamba ikhale yaing'ono, ya malo ochepa, ya ntchito imodzi yomveka, yoti munthu watsopano akalakwitsa asagwe ulesi.

Koma palinso phunziro lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe likutikhudza ife kwambiri. M'mapanga a mu nthano ya 1979 ija simunali ankhondo okha, munalinso akazi ndi ana a zilombozo. Osewera ambiri pambuyo pake anayamba kufunsa: kodi tikuwapheranji amenewa kwawo komwe? Mu 2020 Wizards of the Coast inalengeza kuti isintha kafotokozedwe ka mitundu ina ya m'masewerowa yomwe inkaonetsedwa ngati yoipa chibadwire. Ngati zinawapweteka anthu pa mitundu yongopeka, nanga bwanji pa mitundu yeniyeni?

Tsopano tibwere kwathu. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa. Zwangendaba anakafera ku Ufipa, m'dziko lomwe pano ndi Tanzania, cha m'ma 1848, ndipo gulu lomwe linatsata mwana wake M'mbelwa linadzakhazikika kuno cha m'ma 1855, pakati pa Atumbuka. Cha m'ma 1880 Atumbuka ena, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, anaukira ulamuliro wa Angoni n'kuthawira pa phiri la Hora. Anazingidwa, ndipo ambiri anaphedwa pomwepo. Lero pa Hora pomwepo ndi pomwe timavinira ingoma pa Umthetho mwezi wa Ogasiti, tikuyankhula Chitumbuka, ambirife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Ndiye taganizani. Pa tebulo pathu pakhala wa kwa Jere, wa kwa Nyirenda, wa kwa Kumwenda, wa kwa Tembo. Ndani akhale wozinga phiri, ndani akhale wofera pamwamba? Dayisi ikagwa bwino tiziombera m'manja kuti taphapo angati? Aise, amene anafera pa Hora si zilombo za m'buku, ndi azigogo a munthu wina amene wakhala naye benchi imodzi. Nkhani imeneyo ndi yofunika kuidziwa, ndipo tsiku lina titha kuitana wachikulire adzatifotokozere bwinobwino. Koma kuisandutsa masewero a tsiku loyamba, tonse tisanadziwe n'komwe malamulo, ndi njira yachidule yoti ena asadzabwerenso sabata yachiwiri.

Ine maganizo anga ndi awa. Titenge nzeru ya ngolo ija, tiibweretse kuno. Nthano ikhale ya kalekale, kulibe galimoto. Anthu anayi alembedwa ganyu yoperekeza ngolo ya ng'ombe yodzaza chimanga kuchoka ku Jenda kupita ku Embangweni, komwe amishoni a Donald Fraser anatsegula siteshoni ya Loudon mu 1902. Usiku ng'ombe imodzi yasowa, mapazi a fisi alowera kudambo, koma chingwe chaduka ngati chadulidwa ndi mpeni. Mudzi womwe agona ndiye linga lawo: kumeneko afunse mafunso, amve mabodza ndi zoona. Malo atatu okha: msewu, mudzi, ndi phanga limodzi. Zoopsa zikhale za m'nthano za agogo, monga chinjoka cha padziwe kapena fisi woyankhula. Chonde tisaike gogo wokalamba ngati mfiti, paja mukudziwa zomwe mawu amenewo amachitira okalamba m'midzi mwathu.

Wofotokoza nthano atengere Mike Carr: ajambule mapu pa pepala la kope, asiye malo ena opanda kanthu kuti adzaze pomwe masewero akuyenda. Dayisi ya mbali 20 tilibe, koma zitsekerero za mabotolo 20 zolembedwa manambala, n'kuziika m'chipewa, zigwira ntchito yomweyo. Maola awiri akwana. Ngolo ikafika kapena ikapanda kufika, nthano yatha, ndipo aliyense adziwa ngati akufuna ina.

Voti ili m'munsimu mpaka Lachisanu madzulo. Amene muli ndi zitsekerero, yambani kutolera.