Mayi Rose Chibambo, Amayi a pa K200

Amayi anzanga, pokumbukira zaka zimene gulu lathu latha, ndi bwino tikumbukirenso mayi mmodzi amene anayamba kusonkhanitsa akazi ambirife tisanabadwe. Ku Malawi timati banki m'khonde, ku Zambia chilimba, ku Zimbabwe mukando, ku Mozambique xitique, ku Joni stokvel. Zonsezi zimayenda chifukwa amayi amakhulupirirana. Mayi Rose Chibambo anaudziwa mwambo umenewu, ndipo anautengera ku ndale pa nthawi imene mkazi sankaloledwa kuyankhula pabwalo.

Anabadwa pa 8 September 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba. Bambo awo anali a Ziba, ndipo dzina lina limene anapatsidwa linali Lomathinda. Atakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, amene ankagwira ntchito m'boma, anachoka kumpoto n'kukakhala ku Zomba, likulu la nthawiyo.  Kumeneko anapitiriza sukulu madzulo ali kale pabanja.

Zaka zimenezo atsamunda ankakonza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, chitaganya chimene chinayamba mu 1953. Amuna ankatsutsa kudzera mu Nyasaland African Congress, koma akazi ankangotsala pakhomo. Mayi Chibambo anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuitana akazi anzawo, ndipo m'menemo munabadwa bungwe la amayi la Congress. Atasamukira ku Blantyre anasankhidwa kukhala msungichuma wa nthambi ya chipanichi. Ife osunga bokosi tikudziwa tanthauzo lake: ndalama za gulu sapatsa munthu wamba, amapatsa amene anthu amuona kuti manja ake ndi oyera.

Pa 3 March 1959 boma la atsamunda linalengeza lamulo la zadzidzidzi, ndipo atsogoleri ambiri anamangidwa, kuphatikizapo Dr Banda. Mayi Chibambo anali oyembekezera. Anawadikira mpaka atachira, kenako anawatenga pamodzi ndi khanda la masiku ochepa kupita nawo kundende ku Zomba. Mwanayo, wamkazi, anamutcha Gadi, pokumbukira alonda amene ankawayang'anira.

Ufulu utayandikira analowa m'Nyumba ya Malamulo kuimira dera la ku Mzimba, ndipo anakhala mkazi woyamba kupatsidwa udindo wothandizira nduna. Koma chimwemwe cha pa 6 July 1964 sichinakhalitse. Patangopita miyezi iwiri, nduna zinasemphana maganizo ndi Dr Banda. Imodzi mwa nkhani zake inali tiki imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, ndalama yochepa m'maso mwa olemera koma yolemera kwa mayi wakumudzi. Mu September chaka chomwecho Mayi Chibambo anachotsedwa pamodzi ndi a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi. Amene dzulo ankaimbidwa m'nyimbo anayamba kutchedwa oukira.

Moyo utafika pangozi, iwo ndi amuna awo anathawira ku Zambia, dziko limene nalonso linali litangolandira ufulu pa 24 October 1964. Ife timawoloka pa Mchinji kapena pa Mwanza tikudziwa kuti Lachisanu tibwera ndi katundu. Iwo anawoloka osadziwa tsiku lobwerera, ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30. Maliro a abale ankangowamvera kutali. Kwawo, ana asukulu anakula osamvapo dzina lawo.

Anabwerera mu 1994, ndale za zipani zambiri zitayamba. Anakhazikika ku Mzuzu, n'kumachita bizinesi ndi ntchito za mpingo zothandiza ovutika. Ulemu unabwera mochedwa, koma unawapeza ali moyo: msewu wina ku Mzuzu unatchedwa dzina lawo, ndipo mu 2012 nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200. Anamwalira pa 12 January 2016 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa ku Mzuzu konko.

K200 si ndalama yogona kubanki. Ndi yapamsika, ya chenji, yolipira chindapusa ukachedwa kumsonkhano. Ana athu ambiri amaigwira tsiku lililonse osadziwa kuti mayi ali pamenepoyo anagona m'ndende ndi khanda, anataya udindo, nakalamba m'dziko la eni. Mbiri ya akazi imasowa msanga ngati palibe woinena. Choncho pempho langa kwa atsogoleri a magulu athu, ku Lilongwe, Chipata, Tete, Harare ndi Johannesburg, ndi lakuti pa tsiku logawana ndalama tizipatula mphindi zochepa kuuza atsikana amene angolowa kumene za Mayi Chibambo. Tiwonjezerepo mayina a agogo a m'magulu mwathu amene anayamba geni yakunja pasipoti isanakhale yapafupi, ndipo mlembi awalembe m'buku lomwe timalembamo masheya.